EDWARD WILMOT BLYDEN, M'BUSA AMENE ADAPHUNZITSA CHIARABU PA KOLEJI

Anzanga amene tidakhalira limodzi pa mabenchi a sukulu ku Sharpevale, ndikhulupirira mukukumbuka kuti m'kalasi simunkalephera kupezeka mwana mmodzi kapena awiri a Chisilamu. Ena adali a m'chigwa cha Bwanje momwemo, ena adabwera ndi makolo awo kuchokera cha ku Balaka kapena kunyanja. Ife tikaweruka n'kumakasewera mpira wachikulunga, anzathuwa ankapitanso kwa mwalimu kukaphunzira Korani. Nthawi zina kumasamba omalizira a kope lawo tinkapezako zilembo zokhotakhota, zoyambira kudzanja lamanja kumka kumanzere, ndipo tinkawaseka kuti nkhuku yapalasa m'kope. Sitinkazindikira kuti mnzathuyo ankadziwa kalembedwe ka mitundu iwiri pamene ife kamodzi komweko kankatitulutsa thukuta.

Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu otchuka, ulendo uno ndasankha munthu wa ku West Africa amene adakumana ndi zilembo zomwezi koma iye sadaseke. Adali m'busa wa mpingo wa Presbyterian, mphunzitsi ndiponso wogwira ntchito m'boma. Atapitirira zaka 30 adalola kukhalanso ngati mwana wa sukulu kuti adziwe Chiarabu, chinenero chimene akuluakulu athu amachitcha Chiluya, ndipo m'chaka cha 1867 adachilowetsa m'ndandanda wa maphunziro a pa Liberia College. Dzina lake ndi Edward Wilmot Blyden.

UBWANA WAKE

Blyden adabadwa pa 3 Ogasiti 1832 pa chilumba cha St Thomas ku West Indies, chimene panthawiyo chinkalamulidwa ndi dziko la Denmark. Ukapolo udali usadathe pa chilumbapo, pakuti udathetsedwa m'chaka cha 1848, koma makolo ake adali mfulu ndipo onse awiri ankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Bambo ake, a Romeo Blyden, adali telala, pamene mayi ake, a Judith, adali mphunzitsi. M'chaka cha 1842 banja lonse lidasamukira ku Venezuela kumene lidakhala zaka ziwiri, ndipo mnyamatayu adabwerako akulankhula Chisipanishi. Apa m'pamene zidayamba kuoneka kuti adali ndi khutu logwira msanga zinenero.

Atabwerera ku St Thomas ankapita kusukulu m'mawa, masana n'kumaphunzira utelala. M'busa wa mpingo wa Dutch Reformed pa chilumbapo, John Knox wa ku America, adaona nzeru zake namulimbikitsa kuti adzakhale m'busa. Mu Meyi 1850 Blyden adapita ku United States kukafuna malo pa koleji ya zaubusa ya Rutgers, kumene Knox mwiniyo adaphunzira. Adamukana chifukwa cha khungu lake. Adayesanso makoleji ena awiri, koma yankho lidali lomwelo. Chaka chomwecho boma la America lidakhazikitsa lamulo logwira akapolo othawa paliponse m'dzikomo, ndipo ngakhale munthu wakuda wobadwa mfulu ankatha kugwidwa n'kugulitsidwa. Mnyamata wa zaka 18 uja adaona kuti m'dziko limenelo mudalibe tsogolo lake. Adakwera chombo kumapeto kwa chakacho ndi kukafika ku Monrovia, likulu la Liberia, mu Januwale 1851.

Tisaiwale mfundo imeneyi pamene tikupitiriza: munthu amene adadzakhala pulofesa ndiponso mkulu wa koleji sadakhalepo m'kalasi ya yunivesite monga wophunzira. Madigiri amene adadzalandira atakula adali aulemu chabe.

WOPHUNZIRA AKHALA MPHUNZITSI WAMKULU

Liberia idali dziko laling'ono la anthu akuda ochokera ku America, amene adayamba kukhazikika m'mbali mwa nyanja ya mchere m'chaka cha 1822 nalengeza ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1847. Blyden adalowa Alexander High School, sukulu ya mpingo wa Presbyterian ku Monrovia, kumene adaphunzira Chilatini, Chigiriki ndi masamu. Chihebri adachiphunzira mwa khama lake. Posakhalitsa adayamba kuthandiza kuphunzitsa anzake, ndipo m'zaka za 1855 ndi 1856 adakhalaponso mkonzi wa nyuzipepala ya Liberia Herald. M'chaka cha 1858 adadzozedwa ubusa, ndipo chaka chomwecho adakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomwe adaphunzirayo. Mabuku adali osowa ku Monrovia, motero m'chaka cha 1860 sadachite manyazi kulembera kalata W. E. Gladstone, nduna ya zachuma ya ku Britain, kupempha mabuku, ndipo awiriwa adapitiriza kulemberana makalata.

Liberia College idatsegulidwa m'chaka cha 1862 ndi thandizo la ndalama zochokera ku America, ndipo maphunziro adayamba m'chaka cha 1863 ndi ophunzira 7 okha. Aphunzitsi adalipo atatu: Joseph Jenkins Roberts, pulezidenti woyamba wa dzikolo, amene adakhala mkulu wa koleji, Alexander Crummell, wansembe wa mpingo wa Episcopal amene adaphunzira ku Cambridge, ndi Blyden, pulofesa wa Chigiriki ndi Chilatini. Kuyambira 1864 mpaka 1866 Blyden adasenzanso udindo wa nduna yoona za maiko akunja m'boma la Pulezidenti Daniel Warner, uku akuphunzitsabe. Koleji imeneyi ndiyo idadzasanduka University of Liberia m'chaka cha 1951.

CHIFUKWA CHIYANI CHIARABU?

Anthu ochokera ku America aja adali ochepa, ndipo adangokhala kagawo kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja. Ambiri a iwo ankaona eni nthaka ngati anthu a mumdima osadziwa kanthu. Koma m'misika ya ku Monrovia ndi m'midzi yoyandikana nayo munkafika amalonda a mtundu wa Mandingo ndi Fula ochokera kumtunda, Asilamu, atanyamula katundu wa malonda pamodzi ndi mabuku olembedwa pamanja. Anthu amenewa ankaphunzira kulemba pa matabwa ali ana, kuloweza Korani, ndipo ena ankapitiriza mpaka galamala ndi malamulo. Mafumu a kumtunda ankalemberana makalata m'Chiarabu. Nawonso a mtundu wa Vai adali ndi zilembo zawozawo, zimene Momolu Duwalu Bukele adayambitsa m'zaka za m'ma 1830.

Blyden adaona chinthu chimene anzake sankachiona. Koleji yake inkaphunzitsa anyamata kuwerenga zimene Agiriki ndi Aroma adalemba zaka 2,000 zapitazo, koma padalibe wophunzira wotha kuwerenga kalata yochokera kwa mfumu ya mtunda wa masiku ochepa kuchokera pa kolejipo. Chikhalirecho ku Ulaya Chiarabu chidali chitalowa kale m'mayunivesite: ku Leiden Thomas Erpenius adakhala pulofesa wa Chiarabu m'chaka cha 1613, ku Cambridge mpando wa pulofesa wotere udakhazikitsidwa m'chaka cha 1632, ndipo ku Oxford m'chaka cha 1636. Azungu okhala kutali ndi olankhula Chiarabu adali atachiphunzitsa zaka zoposa 200, pamene koleji ya anthu akuda yoyandikana ndi owerenga Chiarabu idali isadayambe.

Tiyenera kunena zoona kuti poyamba zolinga zake zidali za m'busa ndi nduna ya boma. Monga m'busa ankafuna kuti Mawu a Mulungu afike kwa Asilamu a kumtunda m'chinenero chimene ankachilemekeza. Monga nduna ankafuna kuti Liberia ichite malonda ndi mapangano ndi mafumu a kumtunda Angerezi ndi Afalansa asadalande dera lonselo. Pa zonse ziwirizi pankafunika anyamata ophunzira odziwa Chiarabu, ndipo wowaphunzitsa padalibe.

ULENDO WA KU BEIRUT

M'chaka cha 1866 Blyden adanyamuka kudzera ku England kupita ku Egypt, kumene adakaona mapiramidi ndi kuzokota dzina la Liberia pa mwala wa piramidi yaikulu. Kuchoka apo adapita ku Lebanon nakhala miyezi pafupifupi itatu pakati pa amishoni a ku America, akunola Chiarabu chake. Adafika pa nthawi yabwino. Amishoniwo adali atangomaliza, m'chaka cha 1865, ntchito yomasulira Baibulo lonse m'Chiarabu, imene Eli Smith adaiyamba ndipo Cornelius Van Dyck adaimaliza mothandizana ndi akatswiri a komweko monga Butrus al-Bustani ndi Nasif al-Yaziji. Adalinso m'kati mokhazikitsa Syrian Protestant College, imene idatsegulidwa mu Disembala 1866 ndipo kuyambira 1920 imadziwika kuti American University of Beirut. Blyden adafikanso ku Yerusalemu, ndipo nkhani ya ulendo wonsewu adaisindikiza m'chaka cha 1873 m'buku lotchedwa From West Africa to Palestine.

Kuti tione kukula kwa ntchito imene adadzipatsa, tiyeni tione pang'ono chinenerocho. Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zambiri mwa izo zimasintha maonekedwe malinga ndi malo ake, kaya n'koyambirira, pakati kapena kumapeto kwa liwu. Mavawelo aafupi kawirikawiri salembedwa, kotero wowerenga ayenera kudziwa kale galamala kuti atchule liwu molondola. Chiarabu cha m'mabuku chimasiyananso ndi cholankhula pamsika. Koma chili ndi dongosolo lokoma. Mawu ambiri amaphuka pa tsinde la zilembo zitatu. Mwachitsanzo k, t ndi b zimanyamula ganizo la kulemba: kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi malo olemberamo. Ife olankhula Chichewa izi sizingatidabwitse, pakuti nafenso pa tsinde limodzi timapeza kulemba, mlembi, chilembo ndi malembo.

Atabwerera kwawo, m'chaka cha 1867 adayamba kuphunzitsa Chiarabu pa Liberia College. Ophunzira ake adali anyamata olankhula Chingerezi kunyumba, Akhristu, amene kwa iwo chinenerochi chidali chachilendo kotheratu. Mabaibulo a Chiarabu ankatumizidwa kuchokera ku Beirut kuti akagawidwe kumtunda. Blyden adalimbikitsanso ulendo wa Benjamin Anderson, amene m'zaka za 1868 ndi 1869 adayenda kuchokera ku Monrovia mpaka ku Musadu, mzinda wa a Mandingo, ndi ndalama za Henry Schieffelin wa ku New York. Iye mwini adapitanso ku Boporo kukacheza ndi mfumu ndi aphunzitsi a Chisilamu a kumeneko.

CHINGWE M'KHOSI

Ntchito imeneyi idadukizidwa ndi ndale. M'dziko la Liberia mudali kugawikana pakati pa anthu a khungu loyererako, amene adagwira chuma ndi maudindo, ndi anthu akuda bii. Blyden adali ku mbali ya achiwiriwa ndipo adali bwenzi la Edward Roye, amene adakhala pulezidenti m'chaka cha 1870. Pakamwa pake padali pakuthwa, ndipo zimene ankalemba zonyoza anthu a magazi osakanikirana zidamupezetsa adani ambiri. Mu Meyi 1871 adamuneneza kuti adali paubwenzi ndi mkazi wa pulezidenti, mlandu umene iye adaukana. Gulu la anthu lidamugwira ndi kumukoka m'misewu ya Monrovia chingwe chili m'khosi, ndipo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Adathawira ku Sierra Leone, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Roye adachotsedwa pampando.

Tsoka limeneli lidamufikitsa kumene Chiarabu chake chidagwira ntchito yeniyeni. Boma la Angerezi ku Freetown lidamutuma kwa mafumu a kumtunda: ku Falaba m'chaka cha 1872, ndi ku Timbo, likulu la Futa Jallon, m'chaka cha 1873. M'maulendo amenewa adapeza sukulu m'midzi, aphunzitsi osunga mabuku, ndi milandu yoweruzidwa potsata malamulo olembedwa. Popeza ankatha kuwerenga, sadafunikire kudalira zimene azungu adalemba za anthu amenewa. Adakhala nawo pansi, adatsegula mabuku awo, adamva okha akufotokoza. Munthu amene adaphunzira Chiarabu kuti akaphunzitse ena adapezeka kuti nayenso akuphunzitsidwa. Nthawi yomweyi adayambitsa nyuzipepala yotchedwa Negro ku Freetown, ndipo adapempha bwanamkubwa John Pope-Hennessy kuti ku West Africa kukhazikitsidwe yunivesite yoyendetsedwa ndi anthu akuda.

MKULU WA KOLEJI NDI WOLEMBA MABUKU

Mitima itazizira adabwerera ku Liberia. M'zaka za 1877 ndi 1878 adali kazembe wa dzikolo ku London, ndipo m'chaka cha 1880 adasankhidwa kukhala mkulu wa Liberia College. Polandira udindowu mu Januwale 1881 adafotokoza maphunziro amene ankaona kuti ndi oyenera mwana wa mu Africa. Adafuna kuti Chigiriki, Chilatini ndi masamu zikhale maziko. Adafuna kuti mabuku a ku Ulaya a m'nyengo ya malonda a akapolo achepetsedwe, chifukwa ankaphunzitsa mwana wakuda kudzinyoza. Adafuna kuti Chiarabu ndi zinenero zikuluzikulu za eni nthaka ziphunzitsidwe, kuti wophunzira athe kulankhulana ndi anthu a kumtunda ndi kuphunzira kwa iwo. Adafunanso kuti atsikana alandiridwe, ndi kuti kolejiyo isamukire kumtunda, kufupi ndi anthu.

Maganizo adali abwino, koma kuyendetsa koleji kudamukanika. Ankakhala nthawi yaitali kunja kwa dziko, ndalama zidali zochepa, ndipo adakangana ndi aphunzitsi awiri atsopano ochokera ku America, Hugh Browne ndi T. McCants Stewart. Adatula pansi udindo m'chaka cha 1884. M'chaka cha 1885 adapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti nagonja kwa Hilary Johnson, ndipo m'chaka cha 1886 adasiya ubusa wa mpingo wa Presbyterian. Ife ogwira ntchito m'boma timawadziwa anthu otere, anzeru zoona patali koma osatha kukhala pa desiki kutsata mafayilo.

Kumene adapambana ndi pa cholembera. M'chaka cha 1875 adalemba za Chisilamu ndi anthu akuda m'magazini ya Fraser's ku London, ndipo m'chaka cha 1887 adasonkhanitsa zolemba zake m'buku lake lotchuka, Christianity, Islam and the Negro Race. M'bukuli adanena kuti Chisilamu chidafika ku West Africa kudzera mwa aphunzitsi okhala pakati pa anthu, okwatira komweko, ndipo chidapatsa anthu kulemba ndi kuwerenga, chidawaletsa mowa, osawachotsera ulemu wawo. Chikhristu, monga momwe azungu ankachibweretsera, adachidzudzula kuti chinkasandutsa munthu wakuda wongotsanzira mzungu. Bukuli lidautsa mkangano waukulu pakati pa amishoni ku Britain. Komabe Blyden sadalowe Chisilamu. Adakhala Mkhristu mpaka imfa yake, ndipo dandaulo lake lidali pa onyamula uthenga, osati pa uthengawo.

KUMUWERENGA TILI KU NTCHEU

Ife a kuno tikamawerenga Blyden tiyenera kusamala pang'ono, chifukwa mbiri yathu ndi yosiyana ndi ya ku Futa Jallon. Kuno zilembo za Chiarabu zidadza ndi amalonda ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda adadzalandira Chisilamu nakhala ndi alembi olemba makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Koma njira zomwezo zimene zidabweretsa zilembo zidatenganso makolo athu m'magoli kupita nawo kugombe, ndipo nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga idatha m'chaka cha 1895. Blyden ankakonda kuchepetsa mbali imeneyi ya mbiri pofuna kuti mfundo yake imveke. Adalakwitsanso pokhulupirira kuti mtundu uliwonse wa anthu uli ndi chibadwa chakechake chosayenera kusakanizidwa, ndipo ngakhale m'banja lake momwe, ndi mkazi wake Sarah Yates, maganizo amenewa adabweretsa kuwawidwa mtima. Adayembekezeranso zabwino zambiri kwa atsamunda kuposa zimene iwo adachita.

Koma cholakwa cha wamalonda si cholakwa cha chinenero. Chingerezi chimene tidachivutikira pa sukulu chidafika pamodzi ndi msonkho ndi thangata, koma palibe mwa ife amene adachitaya pa chifukwa chimenecho. Ndipo Chiarabu chili kale pakamwa pathu ngakhale sitidziwa. Mawu akuti mzikiti, shehe ndi mwalimu adachokera kumeneko kudzera m'Chiswahili. Ngakhale sadaka, imene timaphika pokumbukira malemu, dzina lake ndi la Chiarabu lotanthauza chopereka chachifundo.

SUKULU ZA ANA A CHISILAMU

Ntchito yomaliza ya Blyden ndiyo imatikhudza kwambiri. M'maiko a atsamunda a Chingerezi sukulu zambiri zidali m'manja mwa mipingo, ndipo makolo a Chisilamu ankakana kutumizako ana awo poopa kuti akawabatiza. Zotsatira zake zidali zakuti ana odziwa kuwerenga Chiarabu sankapeza ntchito m'boma kapena m'makampani, kumene kunkafunika Chingerezi. Blyden adaona kuti yankho ndi sukulu yophunzitsa zonse ziwiri, Chiarabu ndi Korani mbali imodzi, Chingerezi ndi masamu mbali ina, popanda kukakamiza mwana kusintha chipembedzo. M'zaka za 1896 ndi 1897 adagwira ntchito m'boma la Lagos yoona nkhani za eni nthaka, ndipo m'chaka cha 1896 sukulu ya boma ya ana a Chisilamu idatsegulidwa mumzindawo, mphunzitsi wake wamkulu ali Idris Animashaun. Kuyambira 1901 mpaka 1906 Blyden adali mkulu woyang'anira maphunziro a ana a Chisilamu ku Sierra Leone. Makolo adamukhulupirira chifukwa ankatha kutsegula buku lawo lopatulika ndi kuliwerenga mwaulemu.

M'zaka zomwezo kuno kwathu wolamula dziko adali Alfred Sharpe, mwini dzina la malo athu a Sharpevale. Boma lake lidasiya maphunziro m'manja mwa amishoni, ndipo dipatimenti ya boma yoona za maphunziro idadzakhazikitsidwa m'chaka cha 1926. Vuto lomwe Blyden ankalimbana nalo lidalipo kunonso. Makolo ambiri a Chisilamu a ku Mangochi, Machinga ndi madera ena a kunyanja adasunga ana awo kwa mwalimu poopa sukulu za mishoni, ndipo madera amenewa adatsalira pa maphunziro a sukulu kwa zaka zambiri. Adatchedwa osaphunzira anthu amene ankawerenga tsiku ndi tsiku, kungoti zilembo zawo sizidali zimene boma linkazifuna. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse ndi Asilamu, choncho nkhaniyi si ya anthu owerengeka ayi.

IMFA YAKE

Blyden adakalamba ali wosauka. M'chaka cha 1908 adatulutsa buku lina, African Life and Customs, loikira kumbuyo miyambo ya makolo monga umwini wa malo wa mudzi wonse ndi kusamalirana kwa pachibale. Zaka zake zomaliza adakhala ku Freetown akudwaladwala, akudalira penshoni yochepa ndi thandizo la abwenzi. Adamwalira pa 7 Febuluwale 1912 ali ndi zaka 79, kutatsala zaka zitatu kuti John Chilembwe aukire atsamunda kuno kwathu. Mwambo wa maliro udali wa Chikhristu, koma onyamula bokosi kupita nalo kumanda a Race Course adali Asilamu a mumzindawo. Atsogoleri ambiri amene adadzamenyera ufulu wa maiko a mu Africa, monga Kwame Nkrumah wa ku Ghana ndi Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria, adamutenga ngati mmodzi wa makolo a maganizo awo.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Blyden adafika ku Africa ali mlendo wa zaka 18, wokanidwa ndi makoleji atatu, ndipo mwina n'chifukwa chake sadafulumire kutcha munthu wina mbuli. Adali ndi zofooka zake, ndipo zambiri zimene adayambitsa sadazimalize. Koma pa chinthu chimodzi adalondola: adakana kuweruza anansi ake asadaphunzire kuwerenga zimene iwo amawerenga, ndipo adafuna kuti koleji iphunzitse achinyamata kuchita chimodzimodzi.

Ambiri a ife tsopano tili ndi ana pa sukulu, ena tili m'makomiti a sukulu, ena ndife aphunzitsi ndi maofesala a boma otumikira m'maboma a kunyanja. Sitingathe tonse kupita ku Beirut ngati Blyden. Koma tsiku lina tikadzaona zilembo zokhotakhota zija kumapeto kwa kope la mwana, tidzamuitane atiwerengere ndi kutiuza tanthauzo lake. Ndipo ngati mnzathu uja tinkamuseka akuwerenga nawo nkhani ino, alandire kupepesa kwanga, ngakhale kwafika mochedwa.